Maso a Ondoa Mbarga

A Ondoa Mbarga anakalambira m'nkhalango ya tsidya la mtsinje wa Nyong akugwira agulugufe. Ine dzina langa ndi Owona, ndine wopalasa bwato, ndipo ndinkawawolotsa m'mawa uliwonse, ukonde uli paphewa, m'thumba muli nthochi zowola zoviika mu uchema, zokopera agulugufe. Fungo lake linali loti ungasanze, koma iwo ankati ndi ndiwo za alendo awo.

Munthuyu anali waluso, koma pakamwa ndiye panalibe chitseko. M'nkhalango mwathu muli gulugufe wofiirira wa madontho oyera amene ogula amamufuna kwambiri. Mulinso kadziwotche wouluka masana, wowawa moti mbalame sizimudya. Gulugufeyo anatengera maonekedwe a kadziwotcheyo kuti naye mbalame zizimusiya, ndipo amasiyana tinyanga tokha: ta gulugufe tili ndi timitu kunsonga. Mlenje akabwera ndi kadziwotche, a Ondoa ankamuseka mpaka mudzi wonse umve, monga ankachitira ndi mnyamata wina dzina lake Essomba.

"Iwe Essomba, wapusitsidwa ngati mbalame? Ukanangomera nthenga."

Gulugufe akagwidwa amamutsina pachifuwa kuti afe, n'kumuika m'kapepala kopinda. Mapepalawo ankapinda ndi akazi awo, mayi Ngono, ndipo ndi iwonso ankasanja zogwidwazo m'chitini madzulo.

Maso a a Ondoa atayamba kuchita nkhungu, ine ndinazindikira msanga, chifukwa ankaponda m'madzi pofuna kukwera bwato. Sindinanene kanthu. Ndinkawaopa, komanso ndinkawamvera chisoni, poti ulenjewo ndiwo unali dzina lawo.

Tsiku lina mayi Ngono ali kumaliro kwawo, wogula wa ku Yaoundé, a Kamdem, anafika mosayembekezeka. Alenje onse anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. A Ondoa, amene anali atangotsika m'bwato, anatsegula chitini chawo monyadira.

"Ofiira anayi a lero lomwe. Anyamatawa aphunzirepo."

Tsono kadziwotche ali ndi thupi lolimba ngati chikopa. Ukamutsina ngati gulugufe amangokomoka. A Kamdem asanagwire n'komwe, kapepala kamodzi kanayamba kugwedezeka. Kenako kena. Atafunyulula, kadziwotche anakwawira pa chala chawo, n'kuuluka pang'onopang'ono kudutsa pamphuno pa tonsefe. Onse anayi anali akadziwotche.

Ndinkadikira kuti Essomba abweze chipongwe. Iye anangoyang'ana pansi n'kumakanda nthaka ndi chala cha kumwendo. Kunena zoona, kukanakhala bwino akanaseka.

Mayi Ngono atabwerako, ndinali pakhonde pawo ndikuluka chingwe cha bwato, ndiye ndinamva zonse.

"Zinayamba liti?" anafunsa a Ondoa.

"Dzinja latha lija. Akadziwotchewo ndinkawachotsa m'chitini n'kukawataya kuseri kwa khitchini."

"Ndiye iwe unkangondiyang'ana ndikudzitama pa anthu?"

"Nanga ndikanakuuzani mukanamva, bambo? Mukanati maso ofooka ndi anga."

Sabata imeneyo a Ondoa sanapite kunkhalango, ndipo ukonde unangotsamira khoma. Kenako ananditumizira mawu kuti ndikawaperekeze kumsewu waukulu, akakwere galimoto ya ku Mbalmayo kukaonetsa maso. Sankakhulupirira zachipatala, moti ulendowo unali wongokakamizika.

Tinakwera bwato kulowera kumsewuko. Tili pakati pa mtsinje, kanthu kofiirira kanatuluka m'mitengo n'kuyamba kuuluka motsatira bwato, pafupi kwambiri moti akanatha kukagwira ndi chipewa. A Ondoa anakatsata ndi nkhope yonse, atatsinzinira, khosi litatambasuka. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Owona," anandiitana motsitsa mawu, "ameneyo ndi uti?"

Ine agulugufe sindiwadziwa, ndipo iwo ankadziwa bwino kuti sindiwadziwa. Zaka zonse ndinawawolotsa, sindinawamvepo akufunsa munthu funso limenelo.