Chikasu m'Miyala ya Ghislaine

Ghislaine Vuaillat anayamba ntchito kwathu, pamalo ofufuzira zasayansi, fakitale ya mawotchi ya kuseri kwa mapiri a Jura itatsekedwa. Anali atapitirira zaka makumi asanu, mayi wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, wa zala zosadziwa kunjenjemera. Anamupatsa tebulo loyandikana ndi langa.

Ntchito yathu inali yomata. Ankatibweretsera miyala yochita kupanga, yooneka ngati galasi koma yolemera ngati mtovu, ndipo kumapeto kwa mwala uliwonse tinkamatako kachipangizo komva kuwala, komwe tinkangokatchula kuti kadiso. Miyalayo inkapita pansi pa nthaka, zikwizikwi, kukazinga malo amene makina aakulu a asayansi amawombanitsira tizidutswa tosaoneka ndi maso. Pakuwombanapo pamatuluka mafotoni, timbewu ta kuwala tamphamvu zedi. Fotoni ikalowa m'mwala, mwalawo umang'anima pang'ono, kadiso n'kuona. N'chifukwa chake mwala unkayenera kukhala woyera mbee, guluu wopanda ngakhale kathovu. Pa zimenezi Ghislaine analibe mnzake. Akanena kuti mwala uwu uli ndi mng'alu, palibe ankavutika kuyang'ananso.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu anakweza mwala pafupi ndi nyale, galasi lake lokulitsira zinthu lili padiso, n'kukhala choncho nthawi yaitali.

“Solange, tabwera. Mwala uwu ukuuona bwanji?”

“Ngati mwala,” ndinatero.

“Usachite zachibwana. Wachita chikasu.”

Ndinayang'ana osaona kanthu. Koma poti wanena ndi Ghislaine, ndinayang'anitsitsa mpaka nane ndinayamba kuchiona chikasucho. Anatsegula bokosi lina, chimodzimodzi. Anapita kukaona miyala imene anamata mwezi wathawo, nayo akuti yachikasu.

Tinaitana a Brambati, wasayansi wa ku Italy amene ankayang'anira gawo lathu. Anabwera akutafuna buledi, koma atamva nkhaniyo anamuika pansi. Mwala ukachita chikasu umameza kuwala, ndiye fotoni yamphamvu imaoneka ngati yofooka, kuyeza konse n'kusokonekera. Kuitanitsa miyala ina kukanatenga zaka.

“Mayi Vuaillat, mukunenetsa?”

“Ndikunena zomwe ndikuona, bambo.”

A Brambati anaimitsa ntchito yonse. Miyala inatengedwa kukayezedwa pa makina owalitsira kuwala mkati mwake, ife n'kumangokhala manja lende. Ghislaine anasiya kudya masana. Ankaganiza kuti mwina ndi mankhwala amene ankapukutira miyalayo, mwina ndi guluu amene ankasakaniza yekha, kuti waononga ntchito ya anthu a mayiko ambirimbiri ndi manja ake. Makina anati miyala ilibe vuto. Anayezanso, yankho lomwelo. A Brambati mtima sunakhale pansi, anayamba kukayikira makinawo.

Lamlungu Ghislaine anandiitana kwawo kukadya mbatata zophika ndi tchizi. Amuna ake, a Firmin, amene kale ankayendetsa basi, anayamba kudandaula tisanakhale n'komwe.

“Mlamu, mnzanuyu wandithera sopo m'nyumba muno. Malaya anga oyera awa wachapa, wachapanso, akuti sakuyera. Makatani watsitsa onse. Dzulo amafuna kukayambana ndi aneba, akuti galu wawo wakodzera chipale chofewa cha pabwalo ponse. Bwalo lonse, galu mmodzi, kagalu kake kongokwana m'thumba.”

“Inu mumaona chiyani, ndi maso anu okalambawo,” anatero Ghislaine.

Anaimirira, kupita pawindo. Anatseka diso lamanja ndi chikhatho, kuyang'ana panja. Anatseka lamanzere, kuyang'ananso. Anabwereza kangapo. Kenako anakhala pampando.

“Ndi diso,” anatero. “Lamanjali, lomwe ndimaikapo galasi. Miyala ija ilibe mlandu.”

Anapumira m'mwamba, n'kutembenukira kwa ine. “Nanga iwe, chikasu unachiona ndi diso la ndani?”

A Firmin anaseka mpaka kutsamwa vinyo.

Dokotala anati ndi ng'ala, yomwe imayamba pang'onopang'ono munthu osazindikira, zinthu zoyera n'kumaoneka ngati zakale. Anati kuichotsa si nkhani yaikulu. Ghislaine sankaopa mpeni, ankaopa kukauza a Brambati kuti waimitsa ntchito sabata yathunthu chifukwa cha diso lake. Anali atatsimikiza kuti amuchotsa ntchito, moti anabwera ndi chikwama chachikulu choti atengeremo katundu wake.

A Brambati atamva anakhala pa bokosi lopanda kanthu, kugwira kumutu, n'kuyamba kuseka misozi ili mbwembwembwe.

“Pepani mayi, sikuti ndikuseka diso lanu. Sabata yonseyi ndakhala ndikukonza mawu okauza akuluakulu. Pitani akakukonzeni, tebulo lanu palibe alikhudze. Ndipo mukadzaonanso chachilendo, mudzanene ngati mmene munaneneramu.”

Ghislaine anabwerera patatha milungu ingapo, akudandaula kuti dziko lawala mopitirira, kuti thambo lachita kubiriwira ngati alipaka penti. Anamata miyala mpaka womaliza. Makina atayamba kugwira ntchito, a Brambati anationetsa pa kompyuta mizati iwiri yobiriwira, akuti ndi mafotoni awiri amene miyala yathu yagwira. Ghislaine anafunsa ngati miyalayo inali yake kapena yanga. Iwo anati sangadziwe, ndipo iye anangoti ndi bwino choncho.

Pano anapuma ntchito, amakhala ndi a Firmin m'nyumba yomweyo. Chaka chatha anamuchotsa ng'ala ya diso linalo. Atafika kunyumba anapeza kuti chikhothi chimene anagula akuti n'chakhofi, n'kumapita nacho kumaliro konse, chinali chapepo wowala. Anafunsa a Firmin chifukwa chimene sanamuuzire. Iwo anati ankayesa ndi fasho.