Kazako amene ndinavala popita ku Tete

Ndinanyamuka kwathu, kuseri kwa Chidzolomondo, Lachiwiri kukungocha. Ulendo unali wa ku Tete, kukatenga mwana. Felisita, mwana wa mlongo wanga, ankaphunzitsa sukulu kumeneko, ndipo panali patatha miyezi itatu titamuika m'manda. Anasiya kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, Luiza. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndine. Choncho mkamwini wathu Armando, wa kumwera ku Gaza, ataimba foni kuti tikakambirane, ndinavala kazako wanga wakuda, jekete lokhalo limene ndili nalo, n'kumangira mdzukuluyo kathumba ka nyemba.

Wa njinga yamoto anandidya mametikali 150 kukafika pamsewu. Shapa, minibasi ya kuno, inabwera 7 koloko itadzaza kale, koma kobradolo, kondakitala wake, anati malo alipo, ndipo malowo anali pakati pa thumba la chimanga ndi bondo la mayi wina. Anatenga 450, n'kundifunsa ngati ndikukakwatira, poti ndatchena chonchi. Anthu anaseka. Ine ndinangoti ee, chifukwa nkhani ya maliro imatopetsa kufotokozera anthu a m'galimoto.

Msewu wafumbi unatigwedeza mpaka pa Matema, pamene tinagwira tala. Ndinagula nthochi zitatu. Titayamba kuona milambe, kutentha kunalowa m'shapa ngati mwatsekula uvuni wa njerwa. Mayi uja anandilangiza kuti ndivule kazako ndisanapse, koma ndinakana. Ndinkafuna akaone kuti kwa Felisita kunachokera anthu.

Tinawoloka mlatho wa Zambezi dzuwa lili paliwombo. Chopela, kanjinga ka matayala atatu, kanandisiya pakhomo lagalasi la resitorante imene Armando anatchula. Mlonda anayang'ana nsapato zanga, kenako kathumba, kenako kazako, ndipo kazakoyo ndi amene anandilowetsa. M'kati munkazizira ngati ku Tsangano mu Juni. Pamalopo amaphika zakudya za kumwera, za ku Maputo ndi ku Gaza, ndipo anthu ake amadya monong'ona.

Armando anaimirira n'kundilandira ndi manja awiri. Anali ataonda. Pambali pake panali akulu ake, bambo a imvi, ofatsa. Mipando inali itatu yokha, wa mwana panalibe. Nditafunsa za Luiza, anati tiyambe tadya.

Madzi osamba m'manja sanabwere, kunabwera kansalu konyowa. Mafoloko anali atatu, ngati munthu ali ndi pakamwa patatu. Kenako anatiikira matapa, chakudya chimene akumwera amachinyadira kwambiri. Nditalawa ndinapeza kuti ndi chigwada chotendera, chimene kwathu timadya ndiwo zikasowa, kungoti athiramo kokonati ndi nkhanu. Panalinso masamba ena owawa otchedwa kakana. Ndivomere, zinali zokoma, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi kuti ndinamaliza mbale.

Akulu aja analankhula Chipwitikizi pang'onopang'ono, Armando akumasulira, poti ine sukulu ndinaphunzira ku Malawi tili othawa nkhondo ndipo Chipwitikizi changa ndi cha pamsika. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha tsiku limene anabwera kwathu kudzafunsira. Ndinali nditaima pakati, ndikumwetulira, nditavala kazako watsopano ndi chipewa. Mlongo wanga anali atanyamula nsalu, pansi pali chigubu cha vinyo.

"Titio, amalume," anatero Armando, maso ali pansi, "kazako mwavalayu ndi wa lobolo. Munalandira, munavala, anthu anaomba m'manja. Kwathu zikatero, ana ndi a kuchimuna."

Sanali kunama. Tsiku limenelo womasulira anali Felisita mwini wake, ndipo anandiuza kuti, "Landirani amalume, ndi ulemu chabe." Ife a Chichewa sitigulitsa mwana, ndiye ndinayesa ndi mphatso ya mkamwini wamakhalidwe. Kaya mwanayo ankadziwa n'kuopa kuti tikana ukwati, kaya nayenso sanazindikire, sindingamufunsenso.

Ndinafunsanso kuti Luiza ali kuti. Anati anakwera basi Loweruka ndi azakhali ake, ndipo anafika kale ku Xai-Xai, kwawo ku Gaza, ulendo wa masiku awiri. Ndinakwiya. Ndinavula kazako, kumuika pampando, n'kunena kuti nayu katundu wanu, bwezani mwana. Akulu aja anayankha mwaulemu kuti lobolo sabweza mkazi atagona m'manda. Armando ankalira mwakachetechete, ndipo ndinalephera kumuda. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma uyu sanathawe. Amene anaterereka ndi ine, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndikumwetulira.

Ndinatuluka ndi kathumba kanga. Ndisanafike pamsewu, woperekera zakudya anandithamangira, n'kundiveka kazako uja pamapewa mosamala kwambiri. Anati ndaiwala.

Ndinagona kwa mbale wina ku Matundo, ndipo m'mawa ndinakwera shapa yobwerera. Njira yonse ndinkangoganiza chinthu chimodzi: ndinalandira chinthu ndisanafunse dzina lake, ndipo dzinalo ndalimva mochedwa.

Mlongo wanga ndinamupeza akusankha fodya m'chigafa. Ndinamuuza zonse, osabisa kanthu. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati ku Gaza ndi kutali kuposa ku Malawi. Ndinati ndi kutali kwambiri.

"Ku Malawi tinapita wapansi," anatero, "Felisita ali kumsana."

Ndinamuuza kuti uku miyendo singafike. Anapukuta manja, n'kulowa m'nyumba kukafuna nsapato zake.