Muyezo wa phesi la chimanga

Pikapu yomwe anandisiyira malemu bambo ndi yakale kuposa ine. Chaka china, titangomaliza kuswa mtedza, chitsulo chokolekera sipuling'i yakumbuyo chinathyoka pamsewu wa kwa Mavwere. Matumba ankayenera kufika kumalire Loweruka, apo ayi wogula wa ku Zambia akanapita kwa ena.

M'sitolo munalibe chitsulo chotero. Ndinati ndipanga ndekha. Ndinadula chitsulo cha ngolo yakutha. Chothyokacho ndinachiyeza ndi phesi la chimanga, chifukwa tepi ndinkati ndi ya anthu osadziwa ntchito. Phesilo ndinaliika m'thumba la buluku, n'kupalasa njinga kupita kwa wowotcherera zitsulo pa boma kuti akaboole chitsulo ndinadulacho motsata muyezowo. Panjira nsonga yake inathyoka. Ine sindinaone.

Wowotchererayo analitembenuza kawiri. "Bambo, muyezo wake ndi womwewu?"

"Boolani basi," ndinatero.

Nditamanga mabawuti n'kuchotsa jeke, galimoto inapendekera kumanja ngati ng'ombe yotsimphina. Mayi akunyumba anaizungulira manja ali m'chiuno.

"Kodi yatopa, ikufuna kugona?" anandifunsa.

Nthawi yobwerera ku boma panalibe. Matumba onse ndinawasanja kumanzere. Sizinakwanire. Ndinapempha mayiwo kuti akhale mbali yomweyo.

"Ndiye munandikwatira kuti ndikhale mwala wa pasikelo?" anatero akukwera.

Galimoto inawongoka, ndipo wogula uja tinamupeza asanachoke.

Chitsulocho sindinachisinthe mpaka lero. Ulendo uliwonse ndimawapempha mwaulemu kuti tipitire limodzi. Kutchalitchi amatitchula ngati chitsanzo cha banja lokondana.