Mkaka wa Amayi Aang'ono

Mlongo wanga anamwalira patangopita masiku atatu chibadwire mwana wake. Magazi sanasiye. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kwathu kufupi ndi Nambuma kuja, kumene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Zinali zaka zoyambirira za chitaganya, tikadali pansi pa atsamunda. Mwamuna wake anali ku Halale, ndipo kalata ya maliro inakamupeza mvula itagwa kale. Khandalo, kamtsikana, linatsala m'manja mwa mwini mbumba. Kunena mwini mbumba ndiye kuti ine, pakuti malume ake ndinali ine ndekha.

Ndinali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, wosakwatira, mmodzi mwa owerengeka a kumeneko amene tinapondako ku sekondale, ku Zomba. Ndinkadzimva. Mtima wapachala ndinabadwa nawo ndipo mpaka lero sunandichoke. Sukulu inangoupatsa Chingerezi chokalipira.

Mayi athu anali atamwalira kalekale. Amene anatilera ndi mng'ono wawo, amayi aang'ono, munthu woonda, wa mawu ochepa koma olasa. Chitsiriza chawo chinali chitayamba kale kuguluka mano. Titachoka kumanda, anthu asanabalalike, iwo ananyamula khandalo.

"Mwanayu ndi wanga tsopano. Ayamwa kwa ine."

"Ayamwa chiyani?" ndinafunsa.

"Kodi anthu amayamwa chiyani? Bere."

"Amayi, mabere anuwo ndi matumba a fodya otha ntchito. Muli chiyani m'menemo?"

Ndinanena choncho, pamaso pa anthu. Amayi ena anagwira pakamwa. Amayi aang'ono anangotembenukira kwa anzawo n'kuti, "Mwamva, eti? Aphunzitsi ayankhula."

Sindikudzikhululukira, koma mkwiyo wanga unali ndi pochokera. Amayi omwewa ndi amene anamusunga mlongo wanga m'chikuta magazi akutayika, akuti adikire mankhwala a mizu agwire, chipatala chili mtunda woti machira akanafika dzuwa lisanapendeke. Komanso masiku atatu amene anakhala moyo, sanamulole kuyamwitsa. Mkaka woyamba wachikasu uja ankamufinya n'kutaya pansi, akuti ndi zoipa za m'thupi, mwana n'kumamumwetsa timadzi. Mlongo wanga anapita kumanda asanamve mwana wake akukoka bere. Ndiye tsiku limenelo chilichonse chotuluka pakamwa pa amayi a m'mudzi chinali bodza kwa ine.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka ku Lilongwe. M'sitolo ya Mmwenye ndinagula chitini cha mkaka waufa ndi botolo lagalasi lokhala ndi kamphira koyamwira. Nditabwera ndinawasonkhanitsa amayiwo pakhonde ngati ana a sukulu, ndikuwerenga za pachitinipo m'Chingerezi kenako n'kumasulira. Sipuni zingati, madzi ochuluka bwanji, owiritsa. Ndinaletsa za bere. Amayi aang'ono anati, "Tamva, aphunzitsi."

Chimene chitinicho sichinanene n'chakuti m'mwezi wa Okutobala chitsime chathu cha m'dambo chimasanduka matope, ndipo timamwera limodzi ndi ng'ombe. Sichinanene kuti khosi la botolo ndi lopapatiza, chala sichilowa, komanso kuti mkaka wotsala ukakhala padzuwa lija umasasa mbale zisanatsukidwe. Ine wowerenga uja sindinaziganize.

Sabata isanathe mwana anayamba kutsegula m'mimba. Maso analowa, liwombo linalowa, kulira kwake kunali ngati kwa kamphaka. Koma chodabwitsa, mkaka m'chitini unkapitabe. Mwana akufota, chitini chikupepuka. Mutu wanga wa sekondale unapeza yankho msangamsanga: amayiwa akuthira m'phala lawo.

Tsiku lina ndinasiya ana akukopera za pabolodi n'kubwerera kumudzi dzuwa lili paliwombo, mawu okalipa nditawakonza kale m'njira. M'nyumba munalibe munthu. Botolo lija ndinaliona litatsomekedwa kudenga, fumbi lili mbuu. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe, pamthunzi. Amayi aang'ono anali pamphasa, mwana ali kubere. Pambali pawo panagwada mnzawo woyandikana nawo nyumba, kapu kumanja, sipuni kumanja kwina. Ankadontheza mkaka wanga uja pamwamba pa bere, pang'onopang'ono, n'kumatsetsereka mpaka kukamwa kwa mwana. Mwanayo ankakoka ndi mphamvu zonse zimene anatsala nazo.

"Ndi chiyani chimenechi?" ndinakuwa.

"Usakuwe iwe, atsamwa," anatero amayi aang'ono osadzutsa mutu.

"Ndinati chiyani ine za bere?"

"Unati ndi matumba a fodya. Tinamva tonse." Anamukonza mwana pamkono. "Botolo lako tinalisiya dzana lija, likumupha. Koma bere louma mwana sakhalapo, amakwiya ngati malume ake. Ndiye tikumunamiza ndi mkaka wakowu. Iye akamakoka, thupi langa likumva. Likangomva mokwanira, mkaka ubwera."

"Ubwera kuchokera kuti? Pa msinkhu wanuwo?"

"Kumene unachokera wa ana anga asanu ndi mmodzi. Kodi ku Zomba anakuphunzitsani kuti unkachokera kwa Mmwenye?"

Mnzawo uja anaseka mpaka sipuni inagwedezeka. Apo mwana anasiya bere, ndipo ndinaona. Nsonga yake inali itang'ambika, ili ndi timagazi. Masiku onse aja, m'mawa, masana, nthawi iliyonse mwana akangoti ng'aa, ankamuika pabala limenelo. Sanadandaulepo kwa munthu.

Zinandikhudza, koma kugonja ayi. Ndinati tipite kuchipatala cha mishoni, akakuuzeni odziwa. Ndinazula botolo kudenga, ndinawakweza pakaliyala pa njinga mwana ali kumbuyo, ulendo.

Tinapeza sisitere wachizungu, wachikulire, wa Chichewa chopindika koma chomveka. Ine ndinayamba kufotokoza m'Chingerezi changa chabwino, kuti ndagula zonse zoyenera koma anthu osaphunzirawa akukana kutsata malangizo. Anandimvera mpaka kumapeto. Kenako anapempha botolo, anavula kamphira kaja, anakanunkhiza, n'kukabweretsa pamphuno panga.

Fungo limenelo ndimalimvabe. Ngati dzira lovunda.

Sisitere anabwezera kamphira kaja. Anayang'ana mwana, anamutsina khungu la pamimba, ndiye anatembenukira kwa amayi aang'ono, m'Chichewa.

"Amayi, akuyamwa kwa inu? Masiku angati?"

"Chichokereni kumanda."

Chichokereni kumanda! Ndiye kuti kuletsa kwanga konse kuja kunangothera pakhonde.

"Tafinyani tione."

Anafinya. Poyamba panalibe kanthu. Anafinyanso, nkhope itakwinyika ndi ululu. Panatuluka kadontho, kenako kena, koyera mopyapyala ngati madzi otsukira mpunga. Amayi aang'ono sanayang'ane sisitere. Anayang'ana ine.

Sisitere anati apitirize momwemo, osasintha kanthu, kupatula kuti madzi aziwira kwenikweni ndipo kapu ndi sipuni azizitsuka ndi madzi otentha. Anapereka mankhwala a m'mimba ndi mafuta opaka pabala. Botolo analiika pashelefu yake, ndipo ine sindinalifunse.

Pobwerera tinayenda mtunda wautali. Tikuyandikira mudzi wina wa dimba lalikulu amayi aang'ono anandigogoda pamsana.

"Aphunzitsi, taimani. Matumba a fodya ali ndi njala."

Ankafuna chinangwa chachiwisi. Amayi a kwathu amati chimatsitsa mkaka, pamodzi ndi thobwa ndi ndiwo zotendera. Ngati n'zoona kapena ayi, sindinafunse aliyense. Ndinatsamira njinga pamtengo n'kukapempha mwini dimba.

Sindikunena kuti zonse zimene ankakhulupirira zinali zolondola. Za mkaka wachikasu uja analakwa, ndipo ndinadzamva kwa sisitere yemweyo kuti umene ankataya pansiwo ndiwo mwana amaufunitsitsa. Za mlongo wanga kumusunga m'chikuta analakwa, ndipo ndidzafa ndikunena. Mankhwala akuda amene ankamata paliwombo la mwana sindinawakhulupirire, ngakhale ulendo uno ndinatseka pakamwa. Koma pa nkhani ya bere ankadziwa chimene ine ndi chitini changa sitinkachidziwa, ndipo anachidziwa ndi thupi lawo, mpaka magazi.

Mvula yoyamba isanagwe, sipuni ija inasiya ntchito. Mwana ankameza momveka, gudyu gudyu, masaya akubwerera. Anayamwa mpaka mvula yachiwiri inapita, n'kusiya akuthamanga kale. Lero ali ndi ana ake.

Mawu oti pepani sindinawanene. Pakamwa panga sipanapangidwire zimenezo, ndipo iwo sanawadikire. Koma Loweruka lililonse mpaka mwanayo analeka kuyamwa, ndinkapalasa njinga kupita kudimba kuja, n'kubwera ndi chinangwa chomangidwa pakaliyala. Ndinkachiika pakhonde. Iwo ankatola chimodzi, n'kuchisenda ndi mano mwana ali kubere, n'kufunsa kuti, "Chokhachi basi?"