Chiwongolero Chayambanso Kugwedera

Bambo a Shakira, chimwalirireni inu pikapu yanu yakale ija sinavutepo, koma lero ku Limbe chiwongolero chayambanso kugwedera. Makaniko atasuzumira pansi wangoseka: "Mayi, anamanga ndi mphira ya chubu apa ndani?"

Ndi inu, amuna anga. Loweruka lija ku Manja munagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja, ine ndili pampando. "Gwedezani, mayi a Shakira!" Ndinagwedeza. "Gwedezaninso!" Chinali chitalimba kalekale, inu munkangofuna ndisabwerere kokachapa. Ndinadziwa, koma ndinagwedezabe.

Makaniko waikapo bawuti yatsopano, mphira ija ndasunga m'chikwama. Allah akupatseni Janna. Chalimba tsopano, koma palibe wondiuza kuti ndigwedezenso.