Mikono Yaifupi ya kwa a Tarver

Ku Yazoo City kuno aliyense amadziwa kuti ukafuna kumetedwa bwino ndi a Cleophus Tarver, upite pakati pa Meyi ndi Januwale. Kuyambira Febuluwale mpaka kutha kwa Epulo mutu wako uli pachiswe. Imeneyi ndi nyengo imene matimu akuluakulu a mpira wathu uno wa ku America, wa zisoti ndi kugundana mapewa, amakonzekera kusankha anyamata omaliza kukoleji, ndipo a Tarver amameta maso ali pa kanema, makina ali m'malere, pakamwa pali pantchito. Ambiri tachokapo pampando wawo mbali imodzi itatsika kuposa inzake, koma palibe anasamuka.

Iwo anasewerako ali kusekondale. Anali pamzere wa otchinga, zimphona zisanu zija zimene ntchito yake ndi kuima kutsogolo kwa woponya mpira kuti adani asamufikire. Bondo linawakana asanapite patali. Analowa usilikali, anabwerako, anakwatira Earlene mwana wa wometa, ndipo apongozi awo atatopa anawasiyira mipando iwiri, galasi lalikulu ndi kanema wapakhoma. Mpira unawatuluka m'miyendo n'kukakhazikika m'maso. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankatsekula shopu, osati kuti amete munthu, koma kuti aonere masewero akale a makoleji, kubwereza kachigawo kamodzimodzi mpaka nkhuku kuzizira kunyumba. Kumene mpira ukupita sankakutsata. Ankayang'ana mapazi a mnyamata, chiuno chake ndi mikono.

Masankho a osewerawa amatenga masiku atatu, kuyambira Lachinayi mpaka Loweruka, ndipo Lolemba lotsatira shopu inkadzaza thothotho. Ngakhale adazi ankabwera kudzakhala pabenchi ngati ali ndi chometetsa. Apo a Tarver ankapereka chigamulo, timu ndi timu. Awa asankha bwino, awa agula galimoto yokongola yopanda matayala, awa akulira pofika Novembala. Sankanyengerera munthu, ngakhale timu imene iwo amaikonda. Ankaphonyanso ndithu, ndipo mnzawo Roscoe Whitlow, amene anapuma ntchito yapapositi, anali ndi udindo wowakumbutsa.

"Madala, uja munati satha chaka uja, nkhope yake ili pa chikwangwani cha zakumwa mpaka lero," ankatero Roscoe.

"Mmodzi yemweyo! Mwamusunga ngati chithunzi cha ukwati. Tapendeketsani mutu, mukundichedwetsa."

Panali chinthu chimodzi chimene sankasintha nacho mawu. Wotchinga wa mikono yaifupi, iwo ankati, ndi wongodyera timu chakudya. Mdani amugwira pachifuwa iye asanamukhudze n'komwe. Anachinena zaka ndi zaka mpaka ana a m'tauni ankachiloweza, ndipo matimu nawonso amaganiza chomwecho, nchifukwa chake amayenda ndi tepi yoyezera m'makoleji monse.

Tsono Mulungu ali ndi nthabwala zake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dontrell, anakula n'kukhala wotchinga pakoleji ina yaing'ono ya kuno ku Mississippi, mnyamata wa thupi lodzaza khomo, wofatsa ngati mayi ake akakhala kuti sanaputidwe. Chaka chake chomaliza chitakwana, osaka osewera anabwera ndi tepi yawo. Anamuyeza msinkhu, chikhatho, liwiro, zonse zili bwino. Atafika pa mikono anapeza kuti yaperewera pang'ono, mwina ngati kunenepa kwa chala chachikulu. Nkhani inafika m'mafoni a anthu tsiku lomwelo, ndipo m'shopu ya a Tarver mawu oti mikono anasowa ngati aletsedwa ndi boma. Ngakhale Roscoe anatseka pakamwa.

Mwezi wa Malichi Dontrell anabwera kudzameta masana ena kulibe anthu. Anakhala pampando, mpando n'kudandaula, bambo ake n'kumumanga nsalu m'khosi monga ankachitira kuyambira ali kamwana. Makina atayenda pang'ono, mnyamata anayang'ana bambo ake pagalasi.

"Adadi, inu mumawadziwa anthu amenewa. Andisankha?"

A Tarver anazimitsa makina. Bodza linali pafupi kwambiri, ndipo likanakoma. Koma anali ataona pa kanema mabanja ambiri atavala bwino, atadzaza m'nyumba, akudikira foni imene sinalire, mnyamata ali pakati nkhope itagwa dziko lonse likuonera. Anaganiza kuti bola limupwetekere pano, pali awiriwiri.

"Sakusankha, mwana wanga. Mikono."

"Basi? Zaka zonsezi, mikono basi?"

"Ndi yanga imeneyo. Ndinakupatsa ndine."

Dontrell anadikira mpaka kumeta kutha, anamasula yekha nsalu, anaipinda bwinobwino n'kuiika pampando. "Zikomo, a Tarver," anatero, monga amanenera kasitomala wongodutsa, n'kutuluka.

Mawu amenewo anawabaya a Tarver kuposa bondo lija. Mwana anasiya kuwaimbira foni. Akaimba kunyumba ankafuna mayi ake, ndipo pa Pasaka analowa m'tchalitchi atametedwa ndi dzanja lina, la mnyamata wina wa kutsidya kwa njanji amene amajambula mizere m'mutu. Tauni yonse imadziwa dzanja la a Tarver, choncho tchalitchi chonse chinaona. Abusa analalikira za kuuka kwa akufa, koma a Tarver anangoona kumbuyo kwa mutu wa mwana wawo, mtima uli zii. Ankaopa kuti amutaya, ndipo sankadziwa njira yomubwezera popanda kubweza mawu amene ankakhulupirira kuti ndi oona.

Earlene sanawasiye. "Mwana anabwera kudzafuna bambo ake, inu n'kumupatsa munthu wapawailesi," anatero akuwaikira khofi mwamphamvu mpaka kutayikira m'mbale. "Ndipo mumve, phwando la Loweruka la masankho lilipo. Ndaitana kwaya yonse."

"Mayi a Dontrell, mukufuna mwana achite manyazi pamaso pa kwaya?"

"Ndikufuna akamagwa pakhale anthu omugwira. Inu mukazinga milamba, pakamwa mutseke."

Kuyambira pamenepo Lamulungu la a Tarver linasintha. Anasiya kuonera anyamata a makoleji n'kuyamba kuonera otchinga a matimu akuluakulu enieniwo, timu ndi timu. Ankafuna kudziwa amene wakalamba, amene msana ukumuvuta, amene akungodzikoka. Ankadziwa kuti masankho akatha, matimu amaimbira ena mwa otsala kuwaitanira kumsasa wa Ogasiti wokawayesa luso, kumene ambiri amakabwezedwa koma ochepa amakapeza malo. Ngati foni yotere ingalire, ankafuna akhale okonzeka, ngakhale sankadziwa ngati mwanayo angawafunse chilichonse. Lachinayi ndi Lachisanu la masankho anameta anthu osawalankhulitsa, akusunga m'mutu timu iliyonse imene yatenga wotchinga. Roscoe mpaka anawagwira pamphumi kuona ngati akudwala.

Loweruka nyumba inadzaza dzuwa lili paliwombo. Panali nthiti zowotcha, chikondamoyo, nyemba, tiyi wozizira wa shuga wambiri, ndi makeke a mbatata a mayi wina wa kwaya amene amafuna uwayamikire usanalawe. Dontrell anakhala pasofa pakati, atavala malaya atsopano, foni ili pabondo. A Tarver anali kuseri kwa nyumba ndi poto wa mafuta, atavala epuloni ya akazi awo ya maluwa, akusuzumira kanema pazenera la kukhitchini.

Maina ankadutsa m'munsi mwa kanema. Akatchula wotchinga, nyumba inkachita phuu, kenako n'kupeza kuti ndi wa kwina. Poyamba anthu ankaseka, kumati matimu akusunga zabwino kumapeto. Dzuwa litapendeka kuseka kunachepa, ena anayamba kukumbukira kuti anasiya zovala pachingwe. Dzina lomaliza litatchulidwa, la mnyamata wa dera lina lakutali, m'nyumba munangomveka firiji. A Tarver anali atanena zoona, ndipo sanakondwerepo ndi pang'ono pomwe. Anaima pakhomo la kukhitchini, supuni yovuulira nsomba ili m'manja, akuopa kulowa.

Ndiye foni inalira. Dontrell anailandira ataimirira, kumangoti, "Inde bwana, inde bwana." Asanaiike pansi inaliranso. Kenako womuimira pa zamasewero, munthu waulemu wa ku Jackson, anamuimbira n'kumuuza mwachidule kuti matimu awiri akumufuna kumsasa, onse ndi abwino, koma asankhe msanga chifukwa akachedwa aimbira wina.

Timu yoyamba inali ya kunyanja kotentha, akatswiri a dziko lonse, imene Dontrell ankavala malaya ake kuyambira ali mwana. Yachiwiri inali ya kumpoto kwenikweni, kumene kuzizira kumaumitsa ndevu, timu yoti kupambana imakumva kwa anzake. Nyumba inaphulika.

"Akatswiri, mwana iwe! Pali chofunsa apa?"

"Kumpotoko ukafa ndi chisanu, ndipo sadziwa kukazinga nkhuku!"

"Tenga akatswiri, tizikuona pa kanema!" anakuwa Roscoe, nthiti ili m'manja.

Dontrell anayang'ana mayi ake. Earlene anangoloza ndi chibwano kukhomo la kukhitchini. Mnyamata anatembenuka pang'onopang'ono, ngati khosi lauma. Bambo ndi mwana anayang'anana koyamba chichokere pagalasi paja.

"Adadi," anatero. "Ndipite kuti?"

A Tarver anadziwa kuti yankho lawo silikoma kachiwiri, ndipo kwaya yonse inali kumbali ina.

"Kumpoto," anatero.

"Aaa, madala inu!" anadandaula Roscoe.

"Roscoe, idyani nthiti. Tamvera, mwana wanga. Akatswiri ako atenga otchinga awiri, wina dzulo, wina lero. Amenewo awasankha pamaso pa dziko, sangawataye. Iwe akukufuna ngati thumba la mchenga loti anzako azikagunda mu Ogasiti, akatha akupatsa tikiti ya basi. Akumpoto sanatenge wotchinga ngakhale mmodzi. Wotchinga wawo wapakati pa mzere ndi mdala, akawerama kutola mpira amadzuka ngati ine m'mawa. Womulowa m'malo ndi waulesi kumapazi. Pali malo pamenepo, ndipo palibe waimapo."

"Nanga mikono?"

"Kumapeto kwa mzere mikono ndi chilichonse. Pakati, pamene pali pothina, munthu amadya ndi mapazi ndi mutu. Ndaonera otchinga onse a chaka chino, ena mpaka kutopa nawo. Mapazi ngati akowo sindinawaone."

Amene amawadziwa a Tarver anadziwa kuti mawu otere satuluka m'kamwa mwawo chaka chilichonse. Dontrell anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Zimenezo simunandiuzepo."

"Unandifunsa ngati akusankha. Ndinayankha zomwezo n'kulekera pomwepo. Ndikanayenera kupitiriza."

"Ambuye, zikomo, lilime lamasuka," anatero Earlene akuyang'ana kudenga, ndipo amayi a kwaya anaseka misozi ili m'maso.

Dontrell anatenga foni n'kuimbira womuimira uja. "Auzeni akumpoto kuti ndikubwera," anatero. Anamvetsera pang'ono, n'kuwonjezera kuti, "Inde, ndatsimikiza. Ndafunsa munthu wodziwa."

Phwando linadzukanso. Wina anayambitsa nyimbo, wina n'kuyamba kale kukangana za mtundu wa jekete limene mwana akafunike kumpoto. Palibe ankanamizana kuti zatheka. Msasa wa Ogasiti ndi wankhanza, ndipo ambiri oitanidwa motere amabwerera kwawo masamba asanayoyoke. Koma khomo linali litatsekuka, ndipo kwa anthu a ku Yazoo zimenezo ndi zokwanira kutenthetsanso nyemba.

A Tarver anabwerera kuseri kukazimitsa moto. Akuvula epuloni anamva thabwa la pakhonde likulira ndi kulemera kwa munthu. Dontrell anali ataima kumbuyo kwawo ndi mbale ziwiri za milamba zovundikira.

"Adadi, makiyi a kushopu muli nawo? Ndikufuna mundionetse mdala wa msana mukunenayo, ndi waulesi kumapaziyo. Ndidziwe anthu amene ndikukalimbana nawo."

"Panopa? Alendo ali m'nyumba?"

"Ndi alendo a amami amenewo."

Anatulukira kuseri osatsanzika, n'kuyenda wapansi kutsika ndi msewu, dzuwa likadalipo, wamkulu akutsimphina, wamng'ono akufupikitsa mapazi kuti asawasiye. Njira yonse a Tarver ankalongosola momwe wapakati amayenera kuwerengera adani asanatole mpira, ndipo mwana ankangoti, "Eya, kenako?" Atafika pakhomo la shopu a Tarver anatulutsa makiyi. Dontrell anawapatsira mbale kuti agwire, anatenga makiyi n'kutsekula yekha.