Mafuta Amene Ndinawabera a Nankhoma

Fungo la dothi longothiriridwa kumene limandibwezera kwa a Nankhoma, mayi wachialubino amene tinkayandikana naye ku Area 10, m'tinyumba ta antchito ta kuseri kwa mipanda. Amayi anga ankaphika kwa bwana wina wa ku ofesi ya kazembe. A Nankhoma ankagulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa msewu, pamtetete, kuyambira alonda akamaweruka mpaka magalimoto a ku Capital Hill akamabwerera. Kukacha ndinkamva wilibala yawo ikulira ngati yafedwa, koma asananyamuke ankakhala kaye pakhonde n'kudzola mafuta oyera a m'botolo lochokera kuchipatala, kumaso, m'makutu, m'khosi, kuseri kwa manja, mosafulumira, kenako n'kuvala chipewa chachikulu.

Ine ndinali ndi zaka khumi, wakuda bii, ndipo kusukulu ankanditchula kuti Makala. Nzeru zanga zinathamanga: munthu woyera chonchi, mafuta oyera chonchi, basi chinsinsi chawo n'chimenechi. Tsiku lina atandituma kukatenga mpeni m'nyumba mwawo, ndinakhuthulira mafutawo m'kachitini. Kuti asazindikire, ndinadzaza botololo ndi mafuta wamba odzola a amayi, oyeranso. Maso awo sankaona bwino, ndipo atamva kuti fungo lasintha anangoti achipatala asintha mtundu. Ndinadziona wochenjera zedi.

Unali mwezi wa Okutobala. Kwa masabata atatu ine ndinkadzola mobisa n'kumayang'ana pagalasi, osayera ngakhale chala, pamene iwo ankakhala padzuwa tsiku lonse akukhulupirira kuti adzola zowateteza.

Loweruka lina anandiitana. "Iwe Tamanda, tabwera undione kumbuyoku, kukundiotcha."

Anavula chipewa n'kutsitsa kolala. Khosi linali lofiira psuu, lodzaza matuza, ena ataphulika n'kumata pansalu. Khungu la pakhutu lakumanzere linali litasupuka, ndipo milomo inali itang'ambika mpaka magazi. Sindinkadziwa kuti dzuwa lomwe ife tinkaseweramo fulaye likhoza kumuotcha munthu ngati madzi owira.

"Ndiye kuti mafutawa atha mphamvu," anatero motsitsa mawu. "Ndivutikiranji kukafola kuchipatala? Sindikatenganso."

Mawu amenewo anandiopsa kuposa matuza aja. Ndinathamanga kukatenga kachitini kaja, ndipo ndinaulula zonse ndikulira, mamina ali chuchuchu.

Anakanunkhiza. Ine ndinkadikira khofi.

"Unkafuna kuyera?" anafunsa. "Mwanawe, ine sindinayere ndi mafuta, ndinabadwa chonchi. Mafutawa amatchinga dzuwa kuti lisandidye. Khungu lako lili ndi chotchinga chake, langa lilibe. Ndiye iwe wabera munthu wosauka chinthu chimene uli nacho kale."

Sanawauze amayi. Chilango changa chinali chakuti m'mawa uliwonse, ndisanapite kusukulu, ndiziwadzoza mafuta atsopano kumbuyo kwa khosi kumene iwo sankaona. "Usaumire ngati ndi ako," ankatero. "Paka kwambiri, ndipo masana ubwerenso, chifukwa thukuta limachotsa."

Khosi linapola. Koma kachilonda ka pakhutu paja kankauma n'kuyambiranso, chaka ndi chaka. Ndili fomu 3, adokotala anati ndi khansa ya pakhungu, ndipo anadula khutulo. Nditapita kukawaona a Nankhoma m'chipatala, ndinalephera kuyang'ana bandejilo. Iwo anandikoka dzanja n'kuseka. "Ukuliriranji? Tsopano ndolo ndizigula imodzi basi."

Anakhalanso ndi moyo zaka zinayi, kenako matendawo anabwerera.

Ndili wamkulu ndinafunsa dokotala wina za nkhaniyi, ndikunamizira kuti inachitikira mnzanga. Anati khansa yotere imabwera chifukwa cha dzuwa la zaka zambirimbiri, osati la masabata atatu. Ndimamukhulupirira. Koma pa zaka zonsezo a Nankhoma sanaphonyeko tsiku lodzola, kupatula masabata atatu amene ndinawabera ine. Amayi anga, amene anasambitsa nawo mtembo wawo, mpaka lero amandiyamikira pagulu kuti ndinali mwana wachifundo, wodzuka m'mamawa kukadzoza mnansi mafuta popanda wondituma. Akamatero ndimangoyang'ana pansi.